MWALA WA SIKELO YOYEZERA MALUNGO KU MACHINGA NDI BALAKA

Wolemba Mtolankhani Wathu

Munthu ali yense amene anagulitsapo thonje pa misika ya ku Balaka adziwa kuti mkangano waukulu wa pa msika umakhala pa sikelo. Mlimi anena kuti thumba lake nlolemera, wogula nanena kuti nlopepuka, ndipo mlandu wotere sutha ndi pakamwa iai. Umatha pamene wa Boma woyang'anira miyeso afika ndi mwala wake wachitsulo, umene kulemera kwake kuli kodziwika, nauika pa sikelo anthu onse ali kupenya. Sikelo ikanena zoona pa mwala uja, ndiye kuti idzanenanso zoona pa thonje.

Tayamba ndi thonje chifukwa zipangizo zoyezera malungo zimene zili m'zipatala za ku Machinga ndi Balaka ndi sikelonso, ndipo nazonso zili ndi mwala wake. Chimene chidzadabwitsa awerengi athu ndi mmisiri wosula mwalawo. Iyeyu ndi kachirombo kosaoneka ndi maso, kokhala m'matumbo mwa anthu ndi nyama, kamene akatswiri anakalemba ntchito.

DONTHO LIMODZI LA MAGAZI

Aphunzitsi ndi antchito a Boma amene anakhalapo m'maboma awiriwa safunika kuuzidwa za udzudzu. Mtsinje wa Shire udutsa pakati pawo, kum'mawa kuli nyanja za Chilwa ndi Chiuta ndi madambo ake ndi minda ya mpunga, ndipo chigwa chonse nchotentha. Mvula ikangokhazikika, mabenchi a m'sukulu ayamba kukhala ndi mipata, ndipo pa chipatala chachikulu cha ku Liwonde, pa Ntaja, pa Nsanama, pa Ulongwe ndi pa Phalula, amayi obereka ana otentha thupi amafika dzuwa lisanatuluke.

Kale mwana ali yense wotentha thupi anali kuyesedwa wodwala malungo, napatsidwa mankhwala popanda kupimidwa, pakuti makina opimira magazi otchedwa maikolosikopu anali makamaka m'zipatala zazikulu. Mankhwala ake anali Chloroquine kufikira 1993, pamene dziko la Malawi linali loyamba mu Africa kumsiya nkutenga Fansidar. M'chaka cha 2007 tinasinthanso nkuyamba LA. Tsono LA ndi mankhwala a mtengo wapatali, osayenera kumwazidwa kwa ali yense wa chimfine. Chotero mu 2011 Unduna wa Zaumoyo unafalitsa m'dziko lonse kachipangizo kapulasitiki kaja kamene tonse tikadziwa. Wa chipatala abaya chala, natenga kadontho ka magazi, nathirapo timadontho ta madzi ake, ndipo pakapita mphindi 15 kapena 20 mizere ioneka. Mzere umodzi, palibe malungo. Mizere iwiri, alipo.

Ambiri aganiza kuti kachipangizoka kamaona kachirombo ka malungo. Sikatero iai. Kamachita monga mlenje, amene azindikira nyama poona mapazi ake. Kachirombo ka malungo, kamene dzina lake ndi Plasmodium falciparum, kakakhala m'magazi kamatulutsa puloteni yotchedwa HRP2, ndipo imeneyi ndiyo mapazi ake. Aphunzitsi azolowera kuuza ana kuti mapuloteni ndi zakudya zomanga thupi zopezeka mu nyemba ndi usipa. Nzoona, koma mitundu ya mapuloteni ndi yosawerengeka, uli wonse ndi maumbidwe ake, ndipo cholengedwa chili chonse chimapanga akeake. M'kati mwa kachipangizo muja muli kapepala kopakidwa asilikali, ndiwo mapuloteni ena amene thupi limapanga pofuna kugwira mdani. Awa ndi asilikali a mtundu umodzi, odziwa kugwira HRP2 yokha. Akaigwira, mzere wachiwiri utuluka.

Apa mpamene munthu wozolowera za m'maofesi ayenera kufunsa funso la mlimi wa thonje uja: nanga tidziwa bwanji kuti sikelo imeneyi ili kunena zoona? Zipangizozi zimapangidwa kutsidya kwa nyanja, ziyenda ulendo wautali, ndipo zikafika zisungidwa m'zipinda zofolera ndi malata m'mwezi wa Okutobala. Pofuna kuyesa ngati chipangizo nchabwino, ndi pofuna kuphunzitsa asilikali aja poyamba pomwe, pafunika HRP2 yoyera imene kuchuluka kwake kuli kodziwika. Magazi a odwala sangakhale muyeso paokha, chifukwa wina ali nayo yambiri, wina pang'ono. Kuweta tizirombo ta malungo m'botolo nkotheka kuyambira 1976, koma ndi ntchito yosautsa, yofuna magazi a anthu nthawi zonse, ndipo zokolola zake nzochepa.

KACHIROMBO KOLEMBEDWA NTCHITO

M'chaka cha 1885 dotolo wa ana wa ku Germany, Theodor Escherich, anapeza m'chimbudzi cha makanda bakiteriya amene lero atchedwa ndi dzina lake, Escherichia coli, kapena mwachidule E. coli. Mitundu ina ya kachiromboka imatsegulitsa m'mimba, koma yambiri ilibe vuto, ndipo imene amaweta m'malabotale ndi yofatsa ngati nkhuku ya pakhomo. Ubwino wake ndi kuswana. Kakapeza chakudya ndi kufunda kokwanira, kamadzigawa pawiri mphindi 20 zili zonse. Aphunzitsi a masamu angapereke samu iyi kwa ana awo: kamodzi kakhala tiwiri, tiwiri tinayi, ndipo asanakwane maola 7 tapitirira 1,000,000.

Cholengedwa chili chonse chili ndi malangizo a kapangidwe ka mapuloteni ake, olembedwa m'chinthu chotchedwa DNA. Kachigawo ka malangizo a puloteni imodzi akatswiri amakatcha jini, koma popeza kuno ku Machinga majini ndi nkhani ina yoopsa anthu usiku, ife tizingoti malangizo. Mu 1973 akatswiri awiri a ku California, Stanley Cohen ndi Herbert Boyer, anaonetsa kuti nkotheka kudula malangizo a cholengedwa china, kuwalumikiza pa kamphete ka DNA, ndi kulowetsa kampheteko mwa E. coli. Kachiromboko sikafunsa kumene malangizo achokera. Kamangowawerenga monga kalaliki womvera, nkupanga chimene chalembedwa, ndipo ana ake onse atengera malangizo omwewo. Pofika 1982 anthu odwala matenda a shuga anayamba kubayidwa insulin yopangidwa mwa njira imeneyi, pamene kale anali kudalira yochokera ku nkhumba ndi ng'ombe.

Kapangidwe kake, ngakhale kafuna dzanja lophunzira, nkosavuta kukamva. Tizirombo tolandira malangizo a HRP2 tithiridwa m'botolo la msuzi, ndipo botololo liikidwa m'makina oligwedeza pa madigiri 37, ndiko kufunda kwa thupi la munthu. Msuzi ukachita mbuu ndi tizirombo, athiramo mankhwala ena amene ali ngati belu loyambira ntchito, ndipo tonse tiyamba kupanga puloteni ija. Atatero aphwanya tizirombo tonse, nasefa. Pofuna kuti puloteni yofunikayo isasokonezeke ndi zinyalala, nthawi zambiri amailumikiza kamchira kamene kamamatirira pa chitsulo cha nickel. Zina zonse zikokoloka ndi madzi, iyo yokha nitsala. Chotuluka pamapeto ndi timadzi toyera kapena kaufa kochepa pansi pa kabotolo kosaposa chala chaching'ono. Mulibe kachirombo ka malungo m'menemo, ndipo munthu sangadwale nako. Umenewu ndiwo mwala wa sikelo.

Tisaname kuti wantchito ameneyu salakwa. Malangizo a kachirombo ka malungo analembedwa mwachilendo, pakuti mwa zilembo zinayi za DNA, ziwiri zokha, A ndi T, zitenga pafupifupi magawo 80 pa 100, ndipo E. coli amachita chibwibwi powerenga, kotero kuti akatswiri amayamba awalembanso m'kalembedwe kamene iye azolowera. Ndiponso puloteni ili ngati dengu: nsungwi zikhale zokwanira, koma likalukidwa mokhota silinyamula kanthu. Mapuloteni ena E. coli amawaluka mokhota, ndipo pamenepo ntchito ipatsidwa kwa yisiti, wachibale wa uja wotupitsa buledi, kapena kwa maselo a tizilombo touluka ndi a nyama.

Phindu la muyeso wotere laoneka kwathu konkuno. Kuyambira 2008 bungwe la WHO, loyang'anira za umoyo pa dziko lonse, linayesa mitundu yambiri ya zipangizo zoyezera malungo, nilengeza zabwino ndi zachabe, kuti maboma asagule chinthu chosapenya. Ndipo mu 2012 Dr. Karl Seydel ndi anzake a pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anaonetsa kuti ana okomoka ndi malungo enieni a mu ubongo ali ndi HRP2 yochuluka kwambiri m'magazi kuposa ana amene akomoka ndi nthenda ina koma ali ndi tizirombo ta malungo mongodutsa. Munthu sanganene kuti "yochuluka" kapena "yochepa" popanda choyerekezera nacho.

KATEMERA AMENE ANALEPHERA

Nkhani ya katemera wa malungo, amene ana a ku Balaka ndi Machinga anali m'gulu la oyamba kulandira pa dziko lonse, inayambanso m'botolo la E. coli, ndipo inayamba ndi kugwa.

Udzudzu ukaluma munthu umalavulira m'thupi tizirombo tovala chofunda cha puloteni yotchedwa CSP. Ruth Nussenzweig wa ku New York anaonetsa mu 1967 kuti mbewa zobayidwa tizirombo totere, tofoketsedwa, zimatetezeka. Malangizo a CSP anapezeka mu 1984, ndipo chaka chotsatira akatswiri a asilikali a America a ku Walter Reed pamodzi ndi kampani ya SmithKline anaipanga mwa E. coli. Chiyembekezo chinali chachikulu. Mu 1987 anthu odzipereka 6 amene anabayidwa katemerayo analola kulumidwa ndi udzudzu wa malungo. Mmodzi yekha ndiye anatetezeka. Dr. Ripley Ballou, amene anali kutsogolera ntchitoyo ndipo anadziika yekha pa mzere wa oyesedwa, anagona pa mphasa ndi malungo.

Anaphunzirapo kuti puloteni yoyenda yokha siutsa asilikali a m'thupi mokwanira. Chotero a kampani ija, imene lero itchedwa GSK, analumikiza chigawo cha CSP ndi puloteni ya kachirombo ka matenda a chiwindi a hepatitis B, napatsa yisiti ntchito yoipanga. Katemerayo ndiye RTS,S. Anayesedwa pa ana oposa 15,000 m'maiko 7 a mu Africa kuyambira 2009 mpaka 2014, ndipo Lilongwe anali amodzi mwa malo oyeserawo. Anapezeka kuti mwa ana olandira kanayi konse, achepetsa kudwala malungo ndi pafupifupi 4 pa 10 pa zaka zinayi. Si chitetezo chokwanira, ndipo neti siichotsedwa chifukwa cha iye. Koma m'dziko limene mwana adwala kangapo pa chaka, 4 pa 10 ndi maulendo ambiri a ku chipatala amene sanayendedwe.

Pa 23 Epulo 2019 dziko la Malawi linali loyamba kupereka katemerayu m'sikelo ya ana, ndipo Ghana ndi Kenya anatsatira. Maboma osankhidwa anali 11, mwa iwo Balaka, Machinga ndi Mangochi. Mwana alandira pa miyezi 5, 6 ndi 7, ndipo wachinayi pa miyezi 22. Pa 6 Okutobala 2021 bungwe la WHO linavomereza kuti katemerayu afalitsidwe, ndipo zitawerengedwa zonse za m'maiko atatu aja, zinaoneka kuti imfa za ana a msinkhu wolandira katemera zinatsika ndi 13 pa 100 m'madera amene anaperekedwa.

Nanga puloteni ya E. coli ija inatayidwa? Iai. Pofuna kudziwa ngati mwana wobayidwa wapanga asilikali okwanira, akatswiri amapaka puloteni ya CSP pansi pa timaenje ta mbale yapulasitiki, nathiramo madzi a magazi a mwanayo. Ngati muli asilikali, amamatira pa puloteniyo, ndipo madzi asintha mtundu molingana ndi kuchuluka kwawo. Puloteni imene inagwira ntchito imeneyi poyesa RTS,S itchedwa R32LR, ndipo ndi mphwake wa katemera wolephera wa 1987, wopangidwa ndi E. coli yemweyo. Analephera kukhala mankhwala, nasanduka muyeso wa mankhwala amene anamlowa m'malo.

MAGAZI AKUMBUKIRA

Njira yomweyi ili ndi ntchito ina imene iyenera kukondweretsa okonza mapulani a Boma. Munthu akachira malungo, asilikali amene thupi linapanga satha msanga. Ena akhala miyezi, ena zaka. Tsono ukatenga timadontho ta magazi a anthu a m'mudzi umodzi, ana ndi akulu, nkutiumitsa pa pepala, nkutiyesa ndi mapuloteni a malungo onga MSP-1 ndi AMA-1 opangidwa m'botolo, udziwa mmene malungo akhala akuyendera m'mudzimo pa zaka zambiri. Ngati ana a zaka 5 alibe asilikali pamene achimwene awo a zaka 10 ali nawo, ndiye kuti china chake chinasintha pakatipo. Chris Drakeley ndi anzake anaonetsa zimenezi mu 2005 m'midzi ya ku Tanzania, kuyambira m'chigwa kukwera kumapiri. Kaundula wa pa chipatala awerenga okhawo amene anafika pa chipatala, koma magazi awerenga ndi amene anadwalira kunyumba omwe.

Ofufuza a Malaria Alert Centre, nthambi ya Kamuzu University of Health Sciences, agwira ntchito zaka zambiri m'midzi ya ku Machinga ndi Balaka, kutsata mmene maneti, kupopera m'nyumba ndi katemera zithandizira. Ntchito yotere siichitika popanda kubaya zala. Ndipo ife amene tikumbukira mphekesera za anamapopa za mu 2017, zimene zinatayitsa miyoyo ya anthu osalakwa m'chigawo cha kummwera, tidziwa kuti nkhani ya magazi ifuna kufotokozedwa poyera. Wofufuza ali ndi udindo wopempha chilolezo kwa kholo ndi kunena kumene magaziwo apita. Koma mphunzitsi wamkulu, mlangizi wa zaumoyo ndi kalaliki wa mfumu ndiwo amene anthu amawafunsa madzulo galimoto ya ofufuza itapita, ndipo nkoyenera kuti akhale ndi yankho.

Chimene chitidetsa nkhawa ndi ichi, kuti mapuloteni otere kawirikawiri agulidwa kunja kapena atumizidwa ndi ofufuza anzathu a ku Ulaya ndi America. Agulitsidwa pa muyeso waung'ono koposa, magawo a miligalamu imodzi, ndipo alipiridwa ndi ndalama zakunja. Ambiri ayenda m'bokosi la madzi oundana, ndipo akafunda aonongeka osaonetsa chizindikiro, ngati mbewu yofumbwa m'kati. Ofesala amene alandira mapepala a katundu wotere adziwe kuti kabokosi kopepukako sikangadikire Lolemba. Kunena zoona, zofunika popanga mapuloteniwa si zozizwitsa: makina ofunditsa, makina opukusa, firiji yosazima, ndi anthu ophunzira. Sukulu zophunzitsa anthu otere tili nazo, monga Kamuzu University of Health Sciences ndi Malawi University of Science and Technology ya ku Thyolo, yotsegulidwa mu 2014. Maganizo athu ndi akuti dziko limene lili ndi malungo ochuluka chotere liyenera kumasula lokha miyala ina ya sikelo zake.

NYAMA YOSASIYA MAPAZI

Tatsala ndi nkhani imodzi, ndiyo yoopsa. Mu 2010 akatswiri analengeza kuti ku Peru, ku South America, kuli tizirombo ta malungo timene tinataya malangizo a HRP2. Timadwalitsa ndi kupha monga tinzake, koma sitisiya mapazi amene kachipangizo kathu kafuna, ndipo mzere wachiwiri sutuluka. Pofika 2016 dziko la Eritrea linapeza kuti tizirombo totere tachuluka kwambiri, kotero kuti linasiya zipangizo za HRP2 nkutenga zofuna puloteni ina yotchedwa LDH. Ku Ethiopia ndi Djibouti tapezekanso. Chifukwa chake nchosavuta kumva: kachirombo kooneka kalandira mankhwala nkufa, kosaoneka katsala nkuswana. Bungwe la WHO lilangiza kuti odwala amene chipangizo chawaphonya mwa njira iyi akapitirira 5 pa 100, dziko lisinthe zipangizo zake.

Pofuna kutsimikiza kuti kachirombo katayadi malangizowo, pafunika kupima kotchedwa PCR, kumene ambiri anakumva nthawi ya Covid-19. Kupima kumeneku kumachulukitsa kachidutswa ka DNA kufikira katawerengeka, ndipo potero madzi atenthetsedwa kangapo mpaka pafupi kuwira. Puloteni wamba ikatenthedwa chotero imapsa ngati dzira. Yopirira inapezeka mwa bakiteriya wotchedwa Thermus aquaticus, amene Thomas Brock ndi wophunzira wake Hudson Freeze anamlengeza mu 1969 atampeza m'akasupe otentha a ku Yellowstone ku America, akasupe onga amene ali kufupi ndi Liwonde, koma otentha koposa. Puloteniyo itchedwa Taq. Lero palibe amene apita ku kasupe kukaitunga. Malangizo ake anapatsidwa kwa E. coli mu 1989, ndipo ndiye amene aipanga.

Komabe makina a PCR sadzayamba okha kufunafuna. Oyamba kuona ndi a pa chipatala chaching'ono. Pali zinthu ziwiri zimene iwo ndi makolo ayenera kusiyanitsa. HRP2 imatsala m'magazi masabata angapo munthu atachira, kotero kuti mizere iwiri mwa mwana amene wangomaliza LA siitanthauza nthawi zonse kuti mankhwala alephera. Wa chipatala afunenso nthenda ina. Ndipo mzere umodzi, nthawi zambiri, utanthauzadi kuti kutentha thupiko kwachokera kwina, ndipo kukakamiza wa chipatala kuti apereke LA nkuchedwetsa mankhwala a chibayo kapena a nthenda ina imene ili kudya mwanayo. Koma ngati mwana ali ndi zizindikiro zonse za malungo, kachipangizo nikakana, mwanayo atumizidwe kumene kuli maikolosikopu. Ndipo maikolosikopu ikaonetsa tizirombo timene kachipangizo sikanatione, wopimayo alembe tsiku, mudzi wa wodwala ndi nambala ya bokosi limene kachipangizoko kanachokera, natumize kwa mkulu wa zaumoyo wa boma lake.